Chisanu chimamwetsa galimoto mafuta ambiri, konzekerani ulendo wa kuchipatala

Mwezi wa Juni ukalowa, makolo timakumbukira majuzi a ana, mabulangete ndi chifuwa chimene chimayendera nyumba ndi nyumba. Koma pali chinthu china chimene chisanu chimasintha, chomwe sitichiwerengera pokonzekera matenda: mafuta a galimoto ndi njinga zamoto zimene zimatifikitsa kuchipatala. Injini yozizira imamwa mafuta ambiri kuposa yotentha. Zimenezi zimachitika ngakhale galimotoyo ikhale yatsopano, yongotsika kumene pa doko la Dar es Salaam.

Mwina mukuti nkhaniyi ndi ya madalaivala ndi amakaniko, osati ya tsamba la zaumoyo. Koma inu a ku Mtakataka, Mua, Golomoti ndi midzi yozungulira mukudziwa kuti wodwala akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma ku Dedza, ulendo wake ndi wokwera phiri. Kawirikawiri ulendowu umagwa usiku kapena mbandakucha, nthawi imene kumazizira kwambiri, ndipo mafuta ake amagulidwa ndi ndalama zosonkherana mothamanga. Malita amene anangokwanira ndendende mu Okutobala akhoza kuperewera mu Julaye. Mayi amene akutaya magazi atabereka sangadikire m'mbali mwa msewu kuti wina akasake petulo.

N'chifukwa chake tikuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mafuta a ulendo wa kuchipatala aziwerengedwa moonjezera, ndipo njira zina zimene anthu amatsata pofuna kupulumutsa mafuta kapena kudzifunditsa zisiyidwe chifukwa zimapha.

Chimachitika n'chiyani mu injini

Petulo sayaka akadali wamadzimadzi. Chimene chimayaka ndi nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya. Galimoto ikagona panja usiku wonse, zitsulo za mu injini zimazizira, ndipo petulo wina akalowa amangomatirira m'zitsulomo ngati mame, osasanduka nthunzi. Kuti moto ugwire, pamafunika kuthira mafuta oonjezera. Pa njinga zamoto zambiri za akabaza ntchito imeneyi ndi ya choke, kamene mwini njinga amakoka m'mawa asanalize. M'galimoto zamakono muli kompyuta imene imayeza kuzizira kwa injini n'kuonjezera yokha mafutawo, dalaivala osadziwa. Mukamva galimoto ikulira mokweza itangolizidwa m'mawa, kenako n'kutsitsa mawu pakapita mphindi zingapo, dziwani kuti ndi zomwezi.

Chachiwiri ndi oilo. Mayi aliyense amadziwa mmene uchi umavutira kutuluka m'botolo kukazizira. Oilo wa mu injini ndi wa m'magiya amachitanso chimodzimodzi. Amalemera, sayenderera msanga, ndipo zitsulo zimazungulira movutikira. Mphamvu imene ikanayendetsa matayala imathera pokankha oilo wolemerayo.

Injini imagwira bwino ntchito madzi oiziziritsa akafika pafupifupi madigiri 90. Isanafike pamenepo, imaononga mafuta. M'mawa wa chisanu imayambira patali, motero imatenga nthawi yaitali kuti ifike.

Galimoto za dizilo, monga maambulansi ambiri a mtundu wa Land Cruiser, nazo sizipulumuka. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa mu injini, ndiye zitsulo zikazizira amayaka mwa apo ndi apo. Utsi woyera umene umatuluka galimoto yotere ikangolizidwa m'mawa kawirikawiri amakhala mafuta amene sanapse bwino.

Kodi amaonjezekera motani?

Unduna woona za mphamvu m'dziko la America unafalitsa zotsatira za kuyeza kumeneku. Pa madigiri 7 pansi pa 0, galimoto ya petulo yoyenda m'tauni imayenda mtunda wochepa ndi pafupifupi 15 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi mtunda umene imayenda ndi mafuta omwewo pa madigiri 25. Pa maulendo aafupi, a makilomita 5 kapena 6, mtundawo umatha kuchepa ndi 24 pa 100 iliyonse.

Kuno kwathu sikuzizira chotere. M'mbali mwa nyanja, m'mawa wa Julaye kumakhala pafupifupi madigiri 15, pomwe ku Dedza boma usiku wambiri kumatsika pansi pa madigiri 10. Choncho zimene timataya ife n'zochepa kuposa za ku America. Koma phunziro la maulendo aafupi likutikhudza kwambiri. Munthu amene amaliza galimoto m'mawa kuchoka pa Mua kukafika pa msika wa Mtakataka, n'kuizimitsa mpaka masana, wayenda gawo lalikulu la ulendo wake injini isanatenthe. Akatero tsiku lililonse, mwezi ukamatha amadabwa kuti mafuta apita kuti.

Galimoto yatsopano nayonso imamva chisanu

Amene agula kumene galimoto ndi amene amadandaula kwambiri. Amakhala kuti anamva kapena anawerenga kuti galimotoyo imayenda makilomita akutiakuti pa lita imodzi, koma geji ikuonetsa zina. Ena amayamba kukayikira amene anawagulitsa, ena amaloza chala malo omwetsera mafuta.

Dziwani kuti nambala zimene opanga galimoto amalengeza amaziyeza m'nyumba yoyezera, mofunda pafupifupi madigiri 25, mopanda mphepo, mopanda maenje ndiponso galimoto isananyamule matumba a mpunga. Msewu wathu suli choncho. Komanso galimoto zambiri zimene timati zatsopano zinayendapo kale ku Japan, ndipo zimafika ndi oilo, mapulagi ndi sefa ya mpweya zimene zatopa. Ikakhala yatsopano kwenikweni, injini yake imamwako mafuta ochulukirapo pa makilomita oyambirira, mpaka zitsulo zitazolowerana.

Galimoto zoyendera petulo ndi batire pamodzi, monga Toyota Aqua, zimamva chisanu kwambiri kuposa zinzake. Ubwino wake ndi woti injini imazima yokha pamene sikufunika, galimoto n'kumayendera batire. Kukazizira, injiniyo imalira nthawi yaitali kuti idzitenthetse komanso kuti ifunditse okwera, ndiye ubwino uja umachepa.

Pali chizolowezi china chimene chimaonjezera vutoli. Amakaniko ena amachotsa thermostat m'galimoto zochokera kunja, ati kuno n'kotentha. Kachipangizo kameneka ndi kamene kamatseka madzi kuti asazungulire mu radiator injini isanatenthe. Kakachotsedwa, injini imachedwa kutentha, ndipo m'nyengo ya chisanu imatha kuyenda ulendo wonse ili yozizira, kompyuta ikungothira mafuta. Ngati muvi wosonyeza kutentha kwa injini sukufika pamalo pake mutayenda mphindi 15, pitani nayo kwa makaniko.

Phiri, mwera ndi nkhungu

Dera lathu lili ndi zake. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pamalekezera nyanja ya mchere, pomwe tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Wochoka pa Golomoti kudzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kukatulukira pa Masasa, pa msewu wa M1, amakwera mamita pafupifupi 1,000 asanafike ku Dedza. Pa mamita 1,000 alionse okwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake mumanyamuka kunyanja mutavala malaya okha, n'kukafika kumtunda mano akugundana.

Kukwera kokhako kuli ndi mtengo wake. Tikawerengera mphamvu yofunika kukweza galimoto yaing'ono yodzaza anthu, yolemera tani imodzi ndi theka, mamita 1,000, tikupeza pafupifupi lita imodzi ndi theka ya petulo pamwamba pa mafuta a mtunda womwewo pa msewu wosalala. Ambulansi yolemera matani atatu imafuna malita awiri kapena atatu a dizilo oonjezera. Amene anazolowera kuyenda pa msewu wa M5, wopita ku Salima kapena ku Balaka, umene ulibe zitunda zazikulu, akawerengera ulendo wa ku Dedza ndi makilomita okha amalakwitsa. Mafuta ena amabwerera potsika, koma potsika wodwala amakhala atafika kale. Ngozi ili popita.

M'miyezi yomweyi kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakummawa. Galimoto kapena njinga yamoto yolowera ku Golomoti kuchokera ku Mtakataka imakumana nayo chamaso, ndipo imafuna mphamvu yambiri kuti iiboole. Mpweya wozizira nawonso ndi wolemera kuposa wotentha. Chiperoni chikabwera, kumtunda kumagwa nkhungu. Dalaivala amayatsa nyali, amayenda ndi giya yotsika, ndipo amayatsa AC kuti galasi la kutsogolo lisachite nthunzi. Zonsezi n'zoyenera, ndipo asazisiye pofuna kupulumutsa mafuta, koma zonse zimamwa.

Matayala nawo amaphwa pang'ono kukazizira chifukwa mpweya wa m'kati umafinyika: pafupifupi psi imodzi pa madigiri 5 kapena 6 alionse otsika. Tayala lophwa limalemeretsa galimoto. Batire yokalamba imafookanso ndi chisanu, ndipo imakonda kukana tsiku lomwe mukuifuna kwambiri, pakati pa usiku, popanda anthu okankha.

Njira zimene zimaika moyo pachiswe

Yoyamba ndi kuliza galimoto n'kuisiya ikulira mphindi 10 kapena 20 kuti itenthe. Injini yongolira galimoto itaima imatentha pang'onopang'ono kwambiri, uku mafuta akutha osayenda ngakhale phazi limodzi. Galimoto zamakono zimangofuna theka la mphindi, kenako muziyenda modekha, osaponda moto kwambiri, mpaka itatentha. Imatentha msanga ikamayenda.

Kuononga mafuta n'kochepa poyerekeza ndi ngozi ya utsi. Utsi wa injini uli ndi mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Ukalowa m'mapapo umagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kopitirira ka 200, thupi n'kumasowa mpweya wabwino munthu akupuma. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi malungo kapena kutopa. Injini yozizira ndi imene imatulutsa mpweyawu wambiri. Choncho musalize galimoto m'galaja yotseka, musalize njinga yamoto m'nyumba momwe inagona, ndipo musagone m'galimoto yoima injini ikulira mawindo ali otseka, monga amachitira ena podikira wodwala kunja kwa chipatala. Ndi mpweya womwewu umene umapha mabanja ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mukapeza munthu ali ndi zizindikirozi pamalo otere, mutulutsireni panja msanga ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka.

Yachiwiri ndi kuzimitsa injini kapena kuchotsa giya potsika Khwekhwelere. Injini ikazima, mabuleki ndi chiwongolero cha galimoto zambiri zimalimba. Giya ikachotsedwa, katundu yense amatsamira pa mabuleki, ndipo pa mtsetse wautali chotere amatentha n'kuleka kugwira. Chomvetsa chisoni n'chakuti phindu lake palibe. Galimoto zamakono zikamatsika zili m'giya, dalaivala atachotsa phazi pamoto, kompyuta imadula yokha mafuta. Inu okwera, mukaona dalaivala kapena wakabaza akuzimitsa injini pamtsetse, muli ndi ufulu womuletsa. Moyo umene wanyamula ndi wanu.

Yachitatu ndi kusunga petulo m'nyumba. Chifukwa cha kusowa kwa mafuta kumene kwakhala kukuchitika m'dziko muno m'zaka zapitazi, anthu ena anazolowera kusunga zigubu kuchipinda. M'nyengo ino, pamene mazenera amatsekedwa ndipo moto umasonkhedwa m'nyumba, nthunzi ya petulo imatha kuyenda pansi mpaka kukakumana ndi mbaula kapena kandulo. Petulo wosungidwa m'botolo la zakumwa amanyenga mwana. Mwana akamwa petulo kapena parafini, musamusanzitse, chifukwa posanza mafutawo amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ngozi yomweyi imagwera akuluakulu amene amayamwa mafuta ndi paipi kuchokera m'thanki. Malo abwino osungira mafuta a ngozi ndi m'thanki ya galimoto.

Wodwala nayenso akuzizidwa

Hita ya galimoto imatenga kutentha kuchokera ku injini. Injini ikadali yozizira, hita imapemerera mphepo yozizira. Musadalire hita pa mphindi zoyambirira za ulendo, ndipo pa njinga yamoto palibiretu, pali mphepo yokhayokha.

Amene ali pangozi kwambiri ndi khanda, makamaka lobadwa masiku osakwana kapena lochepa sikelo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati thupi la khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Likatsika pansi pa 36.5, mwanayo wazizidwa. Amafooka, amaleka kuyamwa, shuga wa m'thupi amatsika, ndipo matenda amene amapitira kuchipatala amakula. Ife ogwira ntchito m'zipatala timalandira makanda amene ananyamuka ndi vuto limodzi n'kufika ndi awiri.

Njira yake ndi ya kangaru. Muvuleni mwana, atsale ndi thewera, chipewa ndi masokosi. Muikeni pachifuwa pa mayi, khungu ndi khungu, mutu utatembenukira kumbali kuti azipuma bwino. Mumangeni ndi chitenje, ndipo juzi ndi bulangete zikute onse awiri. Ngati mayi akudwala, bambo, agogo kapena azakhali akhoza kumunyamula chimodzimodzi. Mwana wokulirapo amene akubanika, komanso mayi amene wataya magazi, afunditseni musananyamuke, osati mutafika kale pamwamba pa phiri.

Zoyenera kuchita

Inu makolo amene muli ndi mayi woyembekezera pakhomo, kambiranani lero ndi mwini galimoto kapena wakabaza amene mudzamuitane. Gwirizanani mtengo wa ulendo waufupi wa ku chipatala chapafupi komanso wa ulendo wautali wa ku Dedza, chifukwa simudziwa kumene mudzathere. Pa malita asanu alionse amene mwawerengera, onjezerani imodzi. Ikatsala siiwola. Ndipo ngati anamwino anakuuzani kuti mayi akadikirire kuchipatala, pitani naye masana dzuwa likuswa mtengo, matenda asanayambe. Ulendo wa masana ndi wotchipa ndiponso wotetezeka kuposa wa usiku.

Inu eni galimoto ndi njinga zamoto zimene mudzi umadalira, musagone thanki ili pafupi kuuma. M'miyezi ino isatsike kupitirira theka ngati n'kotheka. Yezani mpweya wa matayala m'mawa musanayende, motsatira nambala zolembedwa pakapepala ka pakhomo la dalaivala. Thirani oilo wa mtundu umene buku la galimoto likunena, osati wolemera chifukwa choti ndi amene wapezeka. Yezetsani batire mu Meyi. Ikani pamodzi maulendo ang'onoang'ono kuti injini itenthe kamodzi. Wakabaza abweze choke injini ikangokhazikika.

Inu mavolontiya, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi, muli ndi ntchito ina. Kumene kuli thumba la ndalama zothandizira maulendo a odwala, mkangano wa mafuta ndi umene umaligwetsa. Dalaivala akapempha malita oonjezera mu Julaye, ena amati akuba. Iye akakhumudwa amazimitsa foni usiku, ndipo wovutika ndi wodwala. Kuba mafuta kulipo ndithu, sitikukana, koma mlandu wake umaweruzidwa ndi kope, osati ndi manong'onong'o. Lembani tsiku, kumene galimoto yapita, makilomita ndi malita. Yerekezani ulendo wa ku Dedza ndi unzake wa ku Dedza, Julaye ndi Julaye mnzake. Mafuta akakwera pang'ono m'nyengo yozizira, n'zoyembekezeka. Akakwera kuwirikiza kawiri, chimenecho si chisanu cha kuno: pali podontha, pali choonongeka mu injini, kapena pali dzanja la munthu.

Mukamayendera mabanja kukamba za maneti, katemera ndi chibayo, onjezeranipo mafunso atatu: mukadwala usiku mudzayenda pa chiyani, mafuta ake alipo, nanga mwana mudzamufunditsa bwanji? Mafumu a m'dera la Kachindamoto ndi atsogoleri a mipingo athandize kuti mudzi uliwonse udziwe galimoto kapena njinga imene ingadzutsidwe usiku, komanso amene amasunga ndalama zake. Akuluakulu oona za zaumoyo m'boma nawonso, pogawa mafuta a maambulansi, aziganizira kuti zipatala za kunyanja zimakwera phiri pa ulendo uliwonse, ndipo miyezi ya chisanu siifanana ndi ya dzuwa.

Madzi akatayika saoleka. Chisanu sitingachiletse, phiri sitingalisunthe, koma lita yoonjezera, tayala lopopa bwino ndi chitenje chomangira khanda pachifuwa zili m'manja mwathu. Zikonzeni sabata ino, Julaye asanafike pachimake.